Moyo pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi: ntchito imene imatsalira pakhomo

Opaleshoni yochepetsa thupi imatha m'maola awiri kapena atatu, ndipo pakapita masiku ochepa wodwala amatulutsidwa m'chipatala. Koma chifu chimene wabwera nacho kunyumba adzakhala nacho mpaka ukalamba. Pa miyezi yoyambirira aliyense pakhomo amakhala tcheru. Phala limasefedwa, mankhwala amamwedwa pa nthawi yake, sikelo imatsika mlungu ndi mlungu, onse n'kumasangalala. Nkhawa yanga ili pa chaka chachiwiri, chachitatu, chachisanu, pamene mabala anapola kalekale, botolo la mavitamini latha popanda wokumbukira kugula lina, ndipo dokotala amene anachita opaleshoniyo ali kutali, ku Johannesburg, ku Mumbai kapena ku Istanbul. Zikafika pamenepo, thanzi la munthuyu limadalira iye mwini ndi a pabanja pake: wopita kumsika, wophika, ndi wosunga ndalama.

Choyamba, banja lonse lidziwe mtundu wa opaleshoni imene inachitika, chifukwa malangizo ake amasiyana. Yofala kwambiri masiku ano ndi sleeve gastrectomy. Madokotala amadula n'kuchotseratu pafupifupi magawo atatu kapena anayi mwa magawo asanu a chifu, n'kusiya kachifu kakatali, kopapatiza. Chimene chachotsedwacho sichibwereranso. Ina ndi gastric bypass, imene dokotala Edward Mason wa ku Iowa, ku America, anayamba kuchita cha m'ma 1966. Pa iyi amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira pamwamba pa chifu, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, moti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Chiyambi cha matumbocho ndi pamene thupi limatengera ayironi ndi kashiamu wochuluka, choncho mavuto ambiri a m'tsogolo amachokera pamenepa.

Pemphani kalata yofotokoza opaleshoniyo musanachoke kuchipatala, ndipo dzina lake ndi tsiku lake zilembedwe patsamba loyamba la buku la kuchipatala. Jambulaninso kalatayo pa foni ya munthu wina wa pakhomo. Tsiku lina usiku, wodwalayu ali pa benchi ya chipatala cha boma akupotokola ndi ululu, namwino amene sanamuonepo adzafunika kudziwa kuti m'mimba muno si mmene munalili pobadwa.

Za zimene mungayembekezere, pali kafukufuku wodalirika. Ku Sweden, kuyambira 1987, madokotala akhala akutsatira anthu 2,010 amene anachitidwa opaleshoni, powayerekeza ndi anzawo 2,037 onenepa chimodzimodzi amene sanachitidwe. Kafukufukuyu amatchedwa Swedish Obese Subjects. Amene anachitidwa bypass anataya pafupifupi 32 peresenti ya kulemera kwawo pa zaka ziwiri zoyamba, ndipo patatha zaka khumi anali atakhazikika pa 25 peresenti. Tinene kuti munthu anali wa makilogalamu 120: angatsike kufika pa 82, kenako n'kukwera pang'onopang'ono kufika pa 90. Ofufuzawo atafunsa anthuwo za mmene akumvera m'thupi ndi mumtima, anapeza kuti chisangalalo chimafika pachimake chaka choyamba, chimatsikako kuyambira pamenepo mpaka chaka chachisanu ndi chimodzi, kenako chimakhazikika, ndipo pa chaka cha khumi anthuwo amakhalabe bwino kuposa mmene analili asanachitidwe. Mu 2020 analengezanso kuti ochitidwa opaleshoni amakhala ndi moyo zaka pafupifupi zitatu kuposa anzawo aja. Mwa amene anali ndi matenda a shuga, 72 pa 100 alionse shuga anali atabwerera m'malo patatha zaka ziwiri, koma patatha zaka 15 amene anali adakali choncho anali 30 okha pa 100.

Ndimaona kuti banja lodziwa ziwerengero izi limapewa zolakwa ziwiri. Silinyoza munthu pamene makilogalamu asanu kapena asanu ndi atatu abwerera, chifukwa zimenezo zimachitikira ambiri. Ndipo silitaya kamakina koyezera shuga ndi koyezera BP poganiza kuti matenda anatheratu.

Tsopano tilowe kukhitchini, kumene nkhani yaikulu ili. Ife tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongotsitsira. Kwa munthu wa kachifu kakang'ono dongosololi liyenera kutembenuka: ndiwo zomanga thupi zilowe poyamba, masamba atsate, nsima ibwere pomaliza ngati malo atsala. Malo alipo ochepa, mwina theka la kapu mpaka kapu imodzi pa nthawi, ndipo akadzazidwa ndi mbamu zitatu za nsima, nsomba sipezanso polowa. Munthu wotere amatha miyezi akukhuta koma thupi likudya minofu yake. Amafooka, tsitsi limayoyoka, mapazi amatupa.

Madokotala amafuna kuti apeze mapuloteni osachepera magalamu 60 patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka kapena chambiko 8, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, ndipo nyama ya nkhuku yophika yolemera magalamu 100 ili ndi 25 kapena kuposerapo. Mukawerengetsa muona kuti kufika pa 60 ndi kachifu kakang'ono kumafuna kudya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, pang'onopang'ono, ndipo kudya kulikonse kukhale ndi chomanga thupi. Sizifuna zakudya za m'masitolo akuluakulu. Usipa ndi matemba ophika mpaka kufewa, odyedwa ndi minga yomwe, amapereka mapuloteni ndi kashiamu pamodzi. Nkhwani kapena chisoso chotendera, nandolo, khobwe, soya, chiwindi kamodzi pa mlungu, mazira owiritsa, zonsezi zikupezeka pamsika wa pafupi. Chiponde ndi nsinjiro n'zabwino, koma zili ndi mafuta ambiri, choncho supuni imodzi yakwana.

Nyama yootcha youma, mpunga, buledi wofewa ndi nsima yolimba ndi zimene zimakonda kutsamira pachifuwa. Nyama iphikidwe ndi msuzi mpaka ifewe, idulidwe tizidutswa. Nsima yake ikhale ya mgaiwa, yofewerako, kamtanda kakang'ono pa kambale kake. Atafune mpaka chakudya chisalale m'kamwa, ndipo kudya kumodzi kutenge mphindi 20 kapena 30. Akamva kuthina pansi pa chifuwa, kapena ntchofu zikayamba kudzaza m'kamwa, asiye pomwepo, ngakhale pambale patsale chambo chonona.

Madzi asamwere pa chakudya. Adikire theka la ola atatha kudya. Madzi akalowa pamodzi ndi chakudya amadzaza malo, amabweretsa kusanza, kapena amakankha chakudya mofulumira n'kusiya njala. Komabe patsiku ayenera kumwa osachepera lita imodzi ndi theka, ndipo popeza sangagugudize kapu yonse nthawi imodzi, botolo lisamachoke pafupi naye. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, yang'anirani mkodzo: ukafiira ndi kuchepa, madzi achepa m'thupi, ndipo impso za munthu wa bypass zimapanga timiyala msanga. Akatsegula m'mimba, yambani Thanzi ORS nthawi yomweyo, momwa pang'onopang'ono, ndipo musachedwe kupita kuchipatala monga mungachedwere ndi munthu wina.

Pali vuto lina limene limaopsa banja likaliona koyamba. Munthu wamwa Fanta kapena thobwa lothira shuga, kapena wadya keke paukwati. Pakapita mphindi khumi mpaka makumi atatu, mtima ukuthamanga, thukuta lili kamukamu, m'mimba mukupotokola, chizungulire, mwina kutsegula m'mimba. Madokotala amati dumping, ndipo imachitika kwambiri kwa a bypass. Shuga wafika m'matumbo nthawi imodzi n'kukokera madzi ambiri kumeneko. Mgonekeni, zimatha zokha. Mtundu wina umabwera mochedwa, patatha ola limodzi mpaka atatu: thupi latulutsa insulin wambiri, shuga wa m'magazi watsika, munthu akunjenjemera, akusokonezeka, ena amakomoka. Ameneyu mpatseni kachinthu kotsekemera pang'ono, monga theka la kapu ya juwisi, ndipo akatsitsimuka adye dzira kapena mtedza kuti shuga asagwenso. Zikamabwerezabwereza auzeni adokotala, makamaka ngati munthuyo amayendetsa galimoto. Kupewa kwake n'kuchotsa pakhomo pang'onopang'ono zakumwa za shuga ndi za gasi, tiyi wa masupuni atatu, mandasi, maswiti ndi nzimbe. Ana nawonso sataya kanthu zimenezi zikachepa.

Chovuta kuposa kuphika ndi anthu. Kwathu mlendo wosiya nsima wanyoza nyumba, ndipo munthu wowonda mwadzidzidzi amayambitsa manong'onong'o. "Mwawonda bwanji chonchi, mayi? Mukudwala?" Apongozi aika mitanda itatu n'kunena kuti, "Tadyani mwanangu, kodi ndiwo zanga sizikukoma?" Amanena mwachikondi, ndipo wochitidwa opaleshoni amakakamizika kumeza, kenako n'kukasanza kuseri kwa nyumba. Apa mwamuna kapena mkazi wake ndiye ayankhe, iye asanatsegule pakamwa: "Amayi, ndiwo zakoma zedi, koma adokotala anawauza kuti azidya pang'ono pang'ono. Tiwasungire, adyanso madzulo." Nkhani ya opaleshoni ndi ya mwini wake. Ndiye asankhe woti adziwe, ndipo pabanja mugwirizane yankho limodzi lopereka kwa ena onse. Pamaliro, paukwati kapena pachinkhoswe, anyamule kachakudya kake m'chikwama. Za kusala kudya, kaya kwa kutchalitchi kaya kwa Ramadan, akambirane kaye ndi dokotala, makamaka chaka choyamba, chifukwa kachifu aka sikangabweze usiku umodzi madzi ndi chakudya cha tsiku lonse.

Mavitamini ndi a moyo wonse. Ndikubwereza dala: a moyo wonse, ngakhale munthu akumva bwino, ngakhale akudya bwino. Kuipa kwa kuperewera kwawo n'kwakuti kumabwera mwakachetechete. Vitamini B12 amafuna asidi ndi chinthu china chopangidwa m'chifu kuti alowe m'magazi, ndipo zonse ziwiri zachepa. Chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo, choncho munthu amene wasiya mankhwala amadziona ali bwino chaka choyamba ndi chachiwiri, n'kumati anangomuopseza. Kenako mapazi amayamba dzanzi, amayenda mopepesuka, amaiwalaiwala. Mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali siichira yonse. Ku Britain ambiri amabayidwa jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse, ndipo ndi njira yosavuta kuikumbukira: lembani masiku anayi pakalendala ya chaka.

Ayironi akachepa magazi amachepa, makamaka kwa amayi amene akusambabe. Zizindikiro zake ndi kutopa, befu pokwera kamtunda, manja ndi zikope zoyera, ndi chilakolako chodya dothi kapena ayezi. Mapiritsi a ayironi asamwedwe ndi tiyi kapena mkaka. Amwedwe ndi chipatso monga gwafa, lalanje kapena malambe, ndipo atalikirane ndi a kashiamu maola awiri, chifukwa awiriwa amatsekerezana. Kashiamu amafunika mamiligalamu 1,200 mpaka 1,500 patsiku, kuphatikiza wa m'zakudya, pamodzi ndi vitamini D. Mtundu wa calcium citrate ndi umene umalowa bwino m'chifu chopanda asidi wambiri. Akanyalanyazidwa, mafupa amafooka osamva kupweteka, mpaka tsiku lothyoka chiuno pa kugwa kwachabechabe.

Vitamini B1 yekha ndi wachangu. Thupi limamusunga wa milungu iwiri kapena itatu basi. Munthu wochitidwa opaleshoni akamasanza masiku angapo motsatizana, B1 amatha, ndipo ubongo umavulala: amasokonezeka, amaona zinthu ziwiriziwiri, amalephera kuyenda. Uku n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika nenani za opaleshoniyo ndipo pemphani kuti aganizire zomubaya thiamine, yemwe ndi B1 yemweyo, asanamuike diripi ya shuga, chifukwa shuga wolowa B1 atatha amawonjezera vutolo.

Magazi ayezedwe kangapo pa zaka ziwiri zoyamba, kenako kamodzi chaka chilichonse: kuchuluka kwa magazi, ferritin, B12, folate, kashiamu, vitamini D, impso, chiwindi ndi shuga. Kuyeza kwina kumafuna chipatala chachikulu kapena labu yolipira, choncho ndalama yake ilowe mu bajeti ya chaka, pamzere umodzi ndi fizi ndi feteleza. Sankhani dokotala mmodzi wa pafupi amene azisunga zotsatira zonse. Mavitamini gulani a miyezi itatu, ndipo botolo lomaliza likatsegulidwa, gulani ena. Amene akuganiza zokachitira opaleshoni kunja chifukwa cha kutchipa afunse asanalipire kuti adzawatsatira ndani akabwerera, chifukwa mtengo umene amalengeza kawirikawiri umathera pabwalo la ndege.

M'kabati ya mankhwala muchoke Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin wogula pagolosale. Amene ali ku South Africa adziwe kuti ufa wa Grand-Pa ulinso ndi aspirin. Mankhwala awa amayambitsa zilonda pamene kathumba ka bypass kanasokedwera ku matumbo, ndipo chilonda chotere chimatha kutaya magazi kapena kuphulika. Fodya amachitanso chimodzimodzi. Mutu ukawawa, Panado ndiye woyenera. Ngati aspirin analembedwa ndi dokotala chifukwa cha mtima, musamusiye nokha, kafunseni. Mankhwala a shuga ndi a BP nawo amafuna kuunikidwanso thupi likamatsika, popeza mlingo wakale ungagwetse munthu. Amene amamwa ma ARV auze a kukiliniki za opaleshoniyo kuti aziyeza tizirombo pafupipafupi. Dolutegravir, amene ali m'mapiritsi amene ambiri akumwa masiku ano, amagwirana ndi ayironi ndi kashiamu n'kulephera kulowa bwino m'magazi, choncho a kukiliniki akonze nthawi yomwera chilichonse. LA wa malungo amalowa bwino akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga mkaka. Wodwala akamamusanza, abwerere kuchipatala osadikira mawa.

Mowa ndiufotokoze mosabisa. Pambuyo pa bypass, mowa umafika m'magazi m'mphindi zochepa ndipo umakwera kuposa kale, moti botolo limodzi limaledzeretsa ngati awiri. Kafukufuku wa zipatala zingapo za ku America, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse ochitidwa bypass, amene analibe vuto la mowa poyamba, anaonetsa zizindikiro za uchidakwa mkati mwa zaka zisanu. Kawirikawiri vutoli silionekera chaka choyamba. Limayamba chachiwiri, pamene munthu wayambanso kuyenda ndi anzake. Amene kale ankathetsa nkhawa ndi chakudya amapeza kuti chakudya sichilowanso, koma chakumwa chimalowa. Mukaona mabotolo obisika, lankhulani naye mwaulemu ndiponso msanga. Kwa ine, kusiyiratu ndiye njira yotetezeka.

Amayi a msinkhu wobereka adziwe kuti thupi likatsika, kubereka kumabwerera, ngakhale kwa amene anakhala zaka osaima. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, kuti mwana asakule m'thupi limene likuwonda. Mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass. Lupu kapena kachipangizo ka pamkono n'zabwinoko. Pakati pakabwera, yambani sikelo msanga, onetsani buku lija, ndipo mavitamini aunikidwenso chifukwa mtundu wina wa vitamini A suyenera mayi woyembekezera. Kuyeza shuga komwetsa madzi otsekemera kwambiri sikuyenera mayi wa bypass, pali njira ina yoyezera pachala.

Tsitsi limayoyoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo limameranso. Khungu lolendewera pamimba, m'manja ndi m'ntchafu silibwerera lonse. M'mapindikiro ake muzisambitsidwa ndi kupukutidwa bwino kuti musachite zilonda. Zovala musagule zodula chaka choyamba, telala azingobweza zomwe zilipo. Kuyenda mwandawala theka la ola masiku asanu pa mlungu, kuwonjezapo ntchito yolimbitsa minofu monga kulima kapena kunyamula zolemera pang'ono, kumateteza minofu ndi mafupa. Ndi bwino wina wa pakhomo aziyenda naye.

Mtima nawo umasintha. Ambiri amapepukidwa: mawondo aleka kuwawa, mkonono watha, akukwera minibasi osachita manyazi. Koma kukhumudwa kumene kunalipo kale kumatha kubwerera chisangalalo cha chaka choyamba chikazirala, ndipo kafukufuku wa m'mayiko angapo wasonyeza kuti chiopsezo chodzivulaza n'chokwererapo pakati pa ochitidwa opaleshoniyi. Ku Sweden anapezanso kuti maukwati atsopano amachuluka pakati pawo, komanso kutha kwa mabanja kumachuluka. Mkazi amene ankangokhala m'nyumba wayamba kutchena ndi kuyenda, mwamuna wayamba nsanje. Kapena bambo wapeza mphamvu zatsopano, mayi akudziona wotsalira. Zotere zikambidwe zisanakule, kaya awiriwiri, kaya ndi ankhoswe kapena mlangizi. Munthu akayamba kudzipatula, kusagona, kapena kunena zoti moyo watopa nawo, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala.

Thupi likayamba kubwerera mopitirira, yang'anani kaye zimene zimadutsa mosavuta: tiyi wa shuga, mabisiketi, tchipisi, maheu, kutolatola tsiku lonse. Zimenezi sizikhutitsa, ndipo kachifu sikazikana. Bwererani ku nthawi zoikika za kudya ndi ndiwo poyamba. Zikakanika, dokotala ali ndi njira zina, kuphatikizapo mankhwala monga semaglutide kapena kukonzanso opaleshoni. Wa sleeve amene chilungulira chikumusowetsa tulo asangodalira mankhwala ogula yekha zaka ndi zaka, akaunikidwe kummero, chifukwa asidi wobwerera amawononga njira ya chakudya.

Pali zizindikiro zimene aliyense pakhomo, ngakhale mwana wamkulu, ayenera kuzidziwa pamtima, chifukwa zimatha kubwera ngakhale patatha zaka khumi. Kupweteka kwa m'mimba koopsa kapena kobwerabwera mukatha kudya, makamaka kwa wa bypass, kungakhale matumbo atalowa pampata n'kupotana, ndipo maola ochepa amasiyanitsa kuchira ndi kutaya matumbo. Ululu wa kumanja pansi pa nthiti, limodzi ndi kutentha thupi kapena maso achikasu, ungakhale timiyala ta mu ndulu, timene timakonda kupangika thupi likatsika mofulumira. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, kusanza kosalekeza kopitirira tsiku limodzi, kulephera kumeza ngakhale madzi, kukomoka, kusokonezeka mutu: zonsezi si za mankhwala azitsamba kapena zodikira kuti kuche. Pitani ku chipatala chimene chili ndi madokotala a opaleshoni, mutanyamula buku, kalata ija ndi mabotolo onse a mankhwala amene akumwa, ndipo mawu oyamba pofika akhale dzina la opaleshoniyo ndi chaka chimene inachitika.